Mdipiti wa magalimoto wothandiza chipatala cha ana: mmene timaukonzera

Mwana wanga wamkazi atagonekedwa ndi chibayo ali ndi zaka zitatu, Datsun 120Y yanga ya 1976 inakhala masiku 11 panja pa chipatala ikuchita fumbi, ine ndili pampando pafupi ndi bedi lake. Usiku wonse ndinkangomvetsera kulira kwa makina a okosijeni. Makinawo anali amodzi okha, ana ofuna mpweya anali atatu, ndipo namwino ankaugawa ndi timapaipi kuti aliyense apezeko. Mwana anachira. Koma kulira kwa makina aja sikunandichoke m'makutu. Loweruka limene ndinakumananso ndi anzanga okonda magalimoto akale, ndinawauza kuti kupukuta maboneti ndi kujambulana zithunzi n'kwabwino, koma magalimoto omwewa angathe kugula makina ena ngati aja.

Kuyambira pamenepo takonza midipiti isanu. Woyamba tinalakwitsa zambiri, ndipo zochuluka zimene ndikulemba pano tinaziphunzira pa ulendo umenewo.

Yambirani ku chipatala. Musanasankhe tsiku, musanaganize za msewu, musanalengeze ngakhale pagulu lanu la WhatsApp, pitani kaye mukakhale pansi ndi anthu amene amagwira ntchito m'wodi ya ana. Ife tinayambira ku magalimoto. Tinagwirizana tsiku, tinasindikiza zikwangwani zokhala ndi dzina la chipatala, n'kukawadziwitsa eni ake kutatsala milungu iwiri. Mayi oyang'anira wodi anatilandira mwaulemu, koma atamva kuti cholinga chathu n'kugula zidole ndi wailesi yakanema, anakhala kaye chete. Kenako anati: "Bambo, zikomo chifukwa cha mtima wanu. Koma mukadandifunsa, ndikadakuonetsani chimene chimatisowetsa tulo." Anatsegula kabati n'kutulutsa kachipangizo kamene amapanira mwana pachala poyeza mpweya wa m'magazi. Kachingwe kake kanali kokulungidwa ndi pulasitala malo atatu. Wodi yonse inkadalira kameneko.

Safunsa anadya phula. Mukapita, funsani zinthu izi ndipo mayankho ake alembedwe m'kalata yosainidwa ndi akuluakulu a chipatala: ndalama zikalowe mu akaunti iti, akufuna ndalama kapena kuti inu mugule katunduyo, akukulolani kugwiritsa ntchito dzina ndi chizindikiro chawo kapena ayi, ndiponso ngati magalimoto angalowe mumpanda. Zipatala zikuluzikulu za ana zimakhala ndi bungwe lapadera lolandira thandizo. St. Jude Children's Research Hospital ya ku Memphis ku America, imene Danny Thomas anaitsegula mu 1962, ili ndi ALSAC. Red Cross War Memorial Children's Hospital ya ku Cape Town ili ndi Children's Hospital Trust, ndipo Great Ormond Street ya ku London nayo ili ndi bungwe lake. Mabungwe otere ali ndi malamulo a momwe munthu wakunja angasonkhetsere ndalama m'dzina lawo. Chipatala chaching'ono chingakhale chopanda ofesi yotere, komabe pamakhala munthu amene amasainira zopereka, ndipo ameneyo ndiye mumupeze. Kalata yake idzakutsegulirani zitseko kupolisi, kumakampani ndi kwa aliyense wokayikira.

Sankhani chinthu chimodzi chodziwika ndi dzina. "Tikuthandiza ana odwala" ndi mawu abwino, koma sakhudza thumba la munthu ngati mmene amachitira akuti "tikugula makina awiri a okosijeni ndi zoyezera mpweya zisanu." Munthu amapereka akaona ndi maso a mumtima chimene ndalama yake ikagule. Ife timafotokozanso mmene makinawo amagwirira ntchito, chifukwa okonda magalimoto amakonda kumva za m'kati mwa makina: mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti, makinawa amaukoka, amachotsamo naitirojeni, n'kutulutsa okosijeni woposa 90 peresenti. Ndipo timawauza kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti chibayo chinapha ana osakwana zaka zisanu oposa 700,000 m'chaka cha 2019 chokha. Mukatero anthu amasiya kucheza n'kumvetsera.

Pali china chimene ife timachidziwa kuposa anthu ena onse: kuwawa kwa makina opanda sipeya. Aliyense amene anafunafuna kabuleta ya galimoto ya zaka 40 akudziwa zimenezi. Choncho musagule chipangizo musanalankhule ndi munthu amene amakonza makina pachipatalapo. Iyeyo akuuzeni mtundu umene amaudziwa, umene mafyuluta ndi mabatire ake amapezeka. Pa ndalama zimene mukufuna kusonkhetsa muphatikizepo za sipeya. M'zipatala zambiri muli chipinda chosungiramo mphatso zimene zinafa chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi, ndipo sindifuna kuti zathu zikathere kumeneko.

Tsopano za ndalama, pamene mitima ya anthu imasweka. Pa mdipiti wathu woyamba, titachotsera zonse zimene tinawononga, tinapeza kuti pa magawo khumi alionse a ndalama zimene anthu anapereka, anayi anathera pa malaya olembedwa, zikho, zokuzira mawu ndi mafuta. Palibe anaba. Koma nditaimirira pamaso pa mayi oyang'anira wodi aja ndi envulopu yopepuka, manyazi anandigwira, chifukwa anthu anapereka poganiza za ana, osati za zikho zathu. Kuyambira tsiku limenelo tili ndi matumba awiri osasakanikirana. Thumba loyamba ndi la chipatala: ndalama zolembetsera galimoto ndi zopereka zonse zimalowa mmenemo, ndipo simutuluka kanthu kupatula kupita ku chipatala. Lachiwiri ndi la zokonzekera, ndipo timalidzaza tokha a m'gulu pamodzi ndi makampani otithandiza. Likachepa, timachepetsa zokonzekerazo. Zikho tinazisiya kalekale, palibe anadandaula.

Kumakampani musamapemphe ndalama zokha. Ogulitsa matayala, oyilo ndi sipeya, eni magalaja ndi a inshuwalansi amafuna kuonekera pamaso pa anthu a magalimoto, ndipo n'chapafupi kwa iwo kupereka chimene ali nacho kale. Wina akubwerekeni galimoto yokokera zowonongeka pamodzi ndi dalaivala wake, wina asindikize mapepala, wina apereke bwalo lonyamukirapo. Pitani nokha ndi kalata ya chipatala m'manja. Uthenga wa pafoni umangowerengedwa n'kuiwalika.

Ndalama zambiri sizibwera patsikulo ayi, zimabwera m'milungu ya m'mbuyo mwake. Zimenezi tinatengera ku Variety Bash ya ku Australia, ulendo wa magalimoto akale umene Dick Smith anauyambitsa mu 1985 kudzera ku Bourke mpaka ku Burketown, pothandiza ana. Kumeneko gulu la galimoto iliyonse limasonkhetsa ndalama zake ulendo usanayambe. Ifenso aliyense akalembetsa timamupatsa fomu yokhala ndi nambala, yoti akapemphere kuntchito kwake, kwa achibale ndi kwa anzake. Galimoto imodzi imatha kubweretsa anthu 20 opereka amene sadzafika n'komwe pabwalo. Ndalamazo zizipita mwachindunji ku akaunti imene chipatala chavomereza, kapena ku akaunti ya gulu yosainira anthu awiri. Nambala ya foni ya munthu mmodzi musaigwiritse ntchito, ngakhale munthuyo atakhala wokhulupirika chotani. Mukumuteteza iye yemwe, chifukwa mphekesera ikangoyamba palibe amene angaizimitse.

Patsikulo pali njira zingapo zowonjezera. Imene imatiyendera bwino ndi yovotera galimoto ndi ndalama: kutsogolo kwa galimoto iliyonse timaika chitini chomata chokhala ndi nambala, ndipo oonerera amaponyamo m'chitini cha imene yawasangalatsa. Ena amalipira kuti akwere nawo pampando wakutsogolo. Timakhalanso ndi chindapusa cha masewera kwa wofika mochedwa kapena wobwera ndi galimoto yosatsuka, ndipo anthu amalipira akuseka. Za maere ogulitsa matikiti samalani nazo, chifukwa m'mayiko ambiri zimafuna chilolezo cha boma. Funsani kaye.

Msewu usakhale wautali. Makilomita 40 mpaka 70 ndi okwanira, kuti zonse zithe m'maola awiri kapena atatu. Uyendeni kawiri musanaulengeze, tsiku lomwelo la sabata ndi nthawi yomweyo imene mdipiti udzadutse, chifukwa msewu wa Lachiwiri masana si wofanana ndi wa Loweruka m'mawa. Pewani malo okhotera amene amafuna kudula magalimoto ochokera kutsogolo. Onani maenje ndi mahampu, pokumbukira kuti ena mwa anzanu magalimoto awo ndi otsika kwambiri. Onaninso pamene pali zimbudzi ndi pothirira mafuta.

Werengerani kutalika kwa mdipiti wanu, anthu ambiri sachita zimenezi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse. Ngati aliyense asiya mpata wa masekondi atatu, ndiye kuti pakati pa galimoto ndi inzake pali mamita 50. Magalimoto 40 adzatambalala mtunda woposa makilomita awiri. Maloboti akayatsa getsi lobiriwira kwa masekondi 30, amene angadutse ndi 12 kapena 15 basi. Otsalawo amayamba kuthamanga kuti apeze anzawo, ndipo ngozi imayambira pomwepo. Wotsogolera akamayenda 60, wakumapeto amapezeka akuponda 90 kenako n'kuponda mabuleki mwadzidzidzi. N'chifukwa chake timagawa mdipiti m'magulu a magalimoto 10 mpaka 12, gulu lililonse ndi wotsogolera wake ndi wotsekera kumbuyo, n'kumanyamuka motalikirana mphindi zitatu. Magalimoto akale ndi oyenda pang'onopang'ono amakhala kutsogolo kuti liwiro lonse litengere iwo. Panjira timasankha malo awiri otakasuka, kunja kwa msewu, odikirirana.

Kupolisi ya pamsewu ndi kukhonsolo lemberani kalata kutatsala miyezi iwiri, muikemo mapu, nthawi ndi chiwerengero cha magalimoto. Anthu anu ovala zonyezimira angathe kulozera njira ndi kuimika magalimoto pabwalo, koma alibe mphamvu yoimitsa anthu ena pamsewu wa boma. Imeneyo ndi ntchito ya apolisi okha. Ikaninso malire a chiwerengero cha olembetsa, ndipo mukonzekere oonerera ochuluka kuposa amene mukuyembekezera. Woodward Dream Cruise, mdipiti wa magalimoto akale wa ku Michigan ku America, inayamba mu 1995 ngati kanthu kakang'ono kosonkhetsera ndalama za bwalo la mpira la ana ku Ferndale, koma chaka choyamba chomwecho kunakhamukira anthu pafupifupi 250,000. Inu simudzaona khamu lotero, koma magalimoto 15 osalembetsa ndi okwanira kusokoneza dongosolo lonse.

Mawu oti mpikisano asapezeke paliponse, pachikwangwani kapena pakamwa. Musayeze nthawi, musapereke mphoto kwa wofika msanga. Inshuwalansi ya galimoto wamba nthawi zambiri sigwira ntchito pa mpikisano wa liwiro, choncho aliyense afunse kampani yake, inunso monga okonza mufunse za inshuwalansi yoteteza oonerera.

Galimoto iliyonse timaiona isanalowe pamzere, ndipo pamenepa sitiyang'ana nkhope. Laisensi ya dalaivala ndi mapepala a galimoto zikhale zosatha. Kenako matayala. Magalimoto athu ambiri amakhala m'galaja miyezi, ndiye tayala limaoneka lamano koma mphira wake unauma. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo linapangidwa 2000 isanafike, ndipo lisayende nafe. Loposa zaka khumi nalonso timalikana. Mabuleki tiwaponde tione ngati akugwira molimba, chifukwa mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho pakapita nthawi, ndipo akatentha pamtsetse wautali phazi limangolowa mpaka pansi. China ndi kutentha kwa injini. Datsun yanga fani yake imazungulira ndi lamba wa injini, choncho poyenda pang'onopang'ono pamzere mphepo yodutsa pa rediyeta imachepa ndipo muvi umayamba kukwera. Magalimoto akale ambiri ali choncho. Aliyense atenge madzi, lamba wapadera, jeke, ndi chozimitsira moto. Kumbuyo kwenikweni kukhale makaniko ndi galimoto yokokera ija, komanso munthu wodziwa chithandizo choyamba.

Kutatsala mphindi 20 kuti tinyamuke, injini zonse zimazimitsidwa ndipo madalaivala amasonkhana. Amene sanamve nawo malangizo sanyamuka. Timanena zochepa: palibe kupitirira mnzako, palibe kuliza matayala, palibe mowa, malamulo onse a pamsewu akugwira ntchito, ndipo mahazadi asayatsidwe poyenda chifukwa amabisa indiketa. Timayatsa magetsi akutsogolo basi. Lamulo limene ndimalikonda ndi lakuti mlonda wako ndi amene ali kutsogolo kwako, iwenso ndiwe mlonda wa amene ali kumbuyo. Ukafika pokhotera usachoke mpaka wakumbuyo atakuona kumene walowera. Galimoto ikawonongeka, mwini wake apatuke, ena onse apitirire, makaniko amupeza. Chaka china mnyamata wina wa galimoto yokongola kwambiri anazungulitsa matayala mpaka utsi pabwalo lonyamukira, ana a oonerera ali chapafupi. Ndinamutengera pambali n'kumuuza kuti: "Achimwene, ndalama yanu yolembetsera ikafika ku chipatala, koma inu lero simuyenda nafe." Anakwiya. Chaka chotsatira anabweranso, ndipo pano ndi mmodzi wa otsekera kumbuyo.

Pofika ku chipatala ndi pamene tinachimwa kwambiri ulendo woyamba. Tinalowa tonse, mahutala akulira, injini zikubangula, tikuganiza kuti ana asangalala. Namwino wina anatuluka akuthamanga, manja ali m'mwamba. Kuseri kwa khoma limene tinaimapo kunali chipinda cha makanda obadwa masiku asanakwane. Utsi wathu unkalowera pamawindo, ndipo magalimoto awiri anali atatseka njira ya ambulansi. Sindinamvepo chisoni chotero pa chinthu chimene ndinachita ndi mtima wabwino.

Masiku ano mdipiti umathera pabwalo lina, kutali pang'ono ndi chipatala. Phokoso lonse, nyimbo ndi mavoti zimachitikira kumeneko. Mumpanda wa chipatala mumalowa magalimoto asanu kapena asanu ndi limodzi okha, pa ola limene anamwino asankha, mwakachetechete, n'kuima pamene atilozera. Injini zimazimitsidwa nthawi yomweyo. Aliyense amene ali ndi chimfine kapena chifuwa salowa, chifukwa mwana amene akulandira mankhwala a khansa chitetezo cha m'thupi mwake chimakhala chofooka, ndipo kachimfine kanu kangamugoneke milungu. Pa chifukwa chomwecho zidole zaubweya zogwiritsidwa kale ntchito musabweretse, ngakhale mutazichapa. Zakudya musagawire ana, ena ali pa malamulo a kadyedwe, ena akudikira opaleshoni. Zithunzi musajambule popanda chilolezo cha kholo ndi cha chipatala, ndipo ngakhale atalola, dzifunseni ngati mungakonde kuti mwana wanu aonekere pa Facebook ali ndi paipi m'mphuno. Ife timajambula magalimoto ndi makina amene tagula.

Ana amene madokotala awalola amatsika, ena amaonera pamawindo. Timapukuta chiwongolero, zogwirira zitseko ndi mipando ndi mankhwala ophera tizilombo mwana aliyense asanakwere. Chaka chathachi kunabwera mnyamata wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri, mayi ake akukankha chitsulo chopachikapo dilipi pambali pake. Tinamukweza mu Datsun, chitseko chili chotsegula kuti paipi isakokeke. Sanasamale za chiwongolero kapena giya. Maso ake anali pa kachitsulo kopukusira galasi la pawindo. Anali asanakaonepo. "Ankolo, batani lake lili pati?" Ndinamuonetsa mmene amapukusira. Anagwira ndi dzanja limene linalibe singano, n'kutsitsa galasi, n'kulikweza, n'kulitsitsanso, mwina kakhumi, akuseka mpaka kutsokomola. Mayi ake anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chala. Anandiuza kuti panali patatha milungu itatu asanamumve akuseka.

Ndalama ziwerengedwe tsiku lomwelo, m'chipinda chotseka, ndi anthu osachepera atatu, mmodzi wa iwo akhale wosakhala wa gulu lanu, makamaka wochokera ku chipatala. Chitini chilichonse chitsegulidwe pachokha, nambala yake ndi ndalama zake zilembedwe, onse asaine. Tsiku loyamba limene banki yatsegula, ndalamazo zikalowe. Pasanathe sabata tumizani kwa aliyense amene analembetsa, ndi kwa makampani onse, pepala limodzi losonyeza zimene zinalowa m'thumba la chipatala, zimene zinalowa ndi kutuluka m'thumba la zokonzekera, ndi chithunzi cha lisiti ya chipatala. Cheke chachikulu chapepala chojambulitsa nacho si umboni, umboni ndi lisitiyo. Yamikirani apolisi ndi anamwino ndi kalata yolembedwa bwino, chifukwa mudzawafunanso.

Pakatha miyezi itatu bwererani ku wodi, muli awiri kapena atatu, popanda kamera. Funsani ngati katundu uja akugwira ntchito ndi chimene chikuvuta. Makina a okosijeni ali ndi kawindo kosonyeza maola amene agwira ntchito, monga mmene galimoto imasonyezera makilomita. Ine ndikapita ndimatenga mafyuluta atsopano, ndimapereka kwa bambo amene amakonza makina pachipatalapo, kenako ndimagwada kuseri kwa makina alionse n'kulemba manambala a maolawo m'kabuku kamene ndimalembamo za oyilo wa Datsun. Madzulo ake ndimatumiza manambalawo pagulu lathu, ndipo m'munsi mwake ndimalemba zimene mayi oyang'anira wodi anena kuti zikufunika chaka chamawa.